Mayeso a Ubusa kwa Chilombo cha Mitu Itatu

"Kodi achimwene analakwa funso liti?" anafunsa Sungeni.

Anthu anangomuuza kuti Malizani, mchimwene wakeyo, sanabwerere. Malizani anali atapita kukafunsira ntchito ya ubusa kwa chilombo cha mitu itatu chimene chinalanda ng'ombe zonse za m'chigwamo, ndipo olephera mayeso ankamezedwa.

Sungeni, amene kwawo ankamukumbukira madzi akatha mumtsuko, ananyamuka ndi chikwakwa. Panjira anapulumutsa birimankhwe ku linthumbu.

"Ukatafuna masamba awa usanduka chimene ukufuna," anatero birimankhwe, akumupatsa masambawo pothokoza. "Koma yankho lako usasinthe."

Kuphanga kwa chilombocho, mutu wakumanja unati, "Ine sindiphonya. Mbusa ndimamudziwira akatumba." Wakumanzere unati, "Ine sindikondera. Aliyense funso lomwelo." Wapakati sunalankhule, ntchito yake inali kumeza.

"Ng'ombe ikadya chimanga cha eni, chikwapu n'cha yani?" unafunsa wakumanzere.

"N'cha mbusa," anayankha Sungeni.

"Wakhoza."

"Ndi timiyendo tangati bangoti?" unatero wakumanja. "Wapakati, meza."

Sungeni anatafuna tsamba, n'kusanduka gwape, ulendo wa kuthengo. Kumeneko anatafuna lina, n'kubwerera ali chimunthu chandevu, akatumba ngati maungu. Funso lomwelo, yankho lomwelo.

"Khalani pansi, bwana," unatero wakumanja. "Ntchito ndi yanu."

"Taima kaye, mnzanga," unatero wakumanzere. "Kamtsikana kaja kanayankha zomwezi."

"Iwe umangodziwa kufunsa. Unayamba wathamangitsapo ng'ombe?"

"Nanga iwe unayamba waonapo akatumba akutseka khola?"

Sungeni anasisita ndevu zobwerekazo. "Mabwana, bwanji wapakatiyu aweruze? Chifikireni sindinamumve mawu."

Wapakati unaweruza mmene unkadziwira. Unameza wakumanja, ndipo poopa kukondera unamezanso wakumanzere. Makosi awiri anakakamira pammero, chilombo chonse khu pansi.

Sungeni anabwerera m'thupi lake, n'kung'amba chimimbacho ndi chikwakwa. Anthu anatuluka akuvina. Malizani anatuluka pomalizira, akulimbikirabe kuti funso lija anakhoza.

Ng'ombe zinatsogola, nthungululu pambuyo. Kumudzi anamunyamula Sungeni m'mwamba, n'kumupatsa udindo wosankha abusa atsopano.

"Mlongo wanga," ananong'ona Malizani, "ine ndiye wandilemba kale, eti?"

Sungeni anatembenukira khamu lonse. "Mawa aliyense, wamwamuna kaya wamkazi, apatsidwa ng'ombe yolusa akaifikitse kudambo. Achimwene, inu mukhala kumapeto kwa mzere."