Katumbu Wotsala Yekha

Mitsinje ndawoloka yambiri, koma palibe wa zii ngati Bua kumtunda kwake. Kale sudali choncho. Akatumbu ankadzaza maiwe onse, kutsetsereka m'matope tsiku lonse. Ndiye kudabwera munthu wogula zikopa, mfuti paphewa. Zikopazo ankazitumiza kutsidya kwa nyanja yamchere, kumene amazisoka zovala zothawira chisanu.

Nyalugwe ataona kuti mawanga ake amuphetsa, adapangana ndi munthu uja: iye azibweretsa akatumbu, khungu lake lisakhudzidwe. Adawatola mmodzimmodzi mpaka padziwe padatsala Katumbu mmodzi. Nsomba zidachuluka, koma wodya naye padalibe.

Tsiku lina Katumbu akuwothera dzuwa pamwala, dzanja la Nyalugwe lidamupana pakhosi.

"Lero ndi lako, mphwanga," adatero Nyalugwe, mano ali pamtunda.

"Lumani, achimwene," adayankha Katumbu. "Koma chikopa chobooka munthu uja sagula. Achikweza padzuwa, asuzumira pamabowo a mano anuwo, kenako ayang'ana mawanga anu."

Nyalugwe adakumbukira kuti ulendo watha munthu uja adang'ung'udzadi. Adamasula dzanja kuti aganize bwino. Katumbu m'madzi chubwi.

M'mawa mwake Nyalugwe adabisala m'bango ndi luzi, namugwira akuvuuka.

"Lero ndikumanga pakhosi. Bowo palibe."

"Nzeru zimenezo, achimwene. Koma taonani mmene ndanyowera. Chikopa chonyowa chimathothoka ubweya chisanafike n'komwe kunyanja. Ndiyambe ndauma."

Nyalugwe adamumanga mwendo kumtengo, nakhala pamthunzi kudikira. Dzuwa lidakwera, tulo tidamuba. Katumbu adatafuna luzi lija n'kubwerera kwawo.

Kuyambira pamenepo, mmawa uliwonse Nyalugwe ankafika pagombe. "Mphwanga, tatuluka tikambirane."

"Lowani konkuno, achimwene, madzi afunda," Katumbu ankayankha ali pakati pa dziwe. Ankatukwanizana mpaka dzuwa kutentha. Katumbu sakadavomera, koma kukacha ankatchera khutu kumabango. Mawu ena omuitana padalibenso.

Chilimwe chidafika, dziwe lidaphwa mpaka m'mawondo. Nyalugwe adangolowa n'kumutola.

"Zondiphunzitsa zatha. Ndikupereka wamoyo, akakusende yekha mwini wake."

Pamsasa adapeza munthu uja atachokapo. Bwalo lonse lidali mbee, losesedwa, ndipo zikopa zidali zitayanikidwa pansi, miyendo yotambasula, yokhomedwa ndi zikhomo. Katumbu adaona chimodzi cha banga loyera pakhosi. Chidali cha mkazi wake. Adachiyang'ana nthawi yaitali.

Kenaka adati, "Achimwene, akatumbu onse a mu Bua ndi awa. Ine ndine wotsiriza. Mawa mudzabweretsa chiyani?"

Nyalugwe adayang'ana mawanga ake. Kunjira kudamveka mapazi ndi likhweru.

"Ndi ameneyo," adanong'ona Katumbu. "Akangondilandira ine, ntchito yanu yatha. Mfuti ija siichoka paphewa."

Nyalugwe adaunguza uku ndi uku. Tchire lidali kutali. "Ndibisale pati?"

"Gonani chafufumimba pakati pa zikopazi, mutambasule miyendo ngati zinzanuzi. Chikopa chokhomedwa kale sachiwombera."

Nyalugwe adagona, nadziphwatalalitsa, natsinzina. Katumbu adakhudza banga loyera lija ndi mphuno, n'kuyamba liwiro.

Munthu uja ankadziwa chikopa chilichonse chimene adakhoma ndi manja ake. Cha nyalugwe sadakhomepo. Ndipo ichi nsonga ya mchira wake inkagwedezeka. Katumbu adamva kulira kwa mfuti atafika kale m'bango.

Padziwe adaseka mpaka nthiti kuwawa. "Akuti chikopa chokhomedwa kale," adatero, natembenuka kuti asimbe nkhani yonse. Kumbuyo kwake kudali mwala ndi madzi basi.

Wogula zikopa adamanga katundu wake, nasamukira kumitsinje ina. Mvula idagwa, dziwe lidadzaza. Katumbu ankakwera pamwala mmawa uliwonse, makutu kumabango. Mphepo ikagwedeza bango, ankadzutsa mutu. "Achimwene?"

Ndidaima padziwe limenelo chaka china, ndili paulendo. Sindidaone kanthu, koma madzi adachita mizere ngati wina wangomira kumene. Akumeneko amati Katumbu chikopa chake adachisunga ndithu, chosalala, chopanda bowo ngakhale limodzi. Wochiyamikira ndiye palibe.