Mphaka wa Nangozo ndi Mkhate wa Apongozi

Ana inu, mwambi uliwonse uli ndi kwawo. Uwu kwawo ndi kukhitchini kwa mayi wina dzina lake Nangozo. Ndikuuzani, koma musakanene kuti mwamva kwa ine.

Nangozo anali waukhondo ndi wolimbikira ntchito, koma pakamwa pake panali lumo. Ukamulakwira sankakutengera kubwalo ayi. Ankakuyimba pamtondo, mpaka ana n'kuitola nyimboyo kukaimwaza kudambo. Chimene ankachikonda, mwina kuposa mwamuna wake a Chimkwita, anali mphaka wake wamawangamawanga, Mtsamiro. Dzinali analitengera tulo: m'dengu, m'thumba, m'bokosi la zovala, paliponse pamdima ankalowa n'kudzipinda.

Tsono kunabwera apongozi ake, mayi awo a a Chimkwita, atasenza mkhate waukulu wa thobwa umene anaumba okha ali mtsikana. Inali mphatso yaulemu. Nangozo anautsuka n'kuuvundikira kukhitchini, mbali imodzi atauchirikiza ndi mwala kuti mphepo izilowa, uume.

Kutacha, Mtsamiro sanaoneke. Usipa wa m'mbale mwake nyerere zinagawana.

Mtima wa Nangozo unangolunjika kwa mnansi wake, Nasibeko. Kodi si Nasibeko ankadandaula kuti anapiye ake akutha? Si yemweyo dzulo anadzapala moto, maso ali uku ndi uku? Nanga lero bwanji wapereka moni mano onse ali pamtunda? Munthu wosalakwa saseka chotero. Nangozo anakafukula kudzala kwa Nasibeko ndi kamtengo, ananunkhiza ngakhale utsi wa kukhitchini kwake. A Chimkwita atati bwanji ayambe wafufuza m'nyumba mwawo momwemo, anawayang'ana chammbali n'kuwafunsa ngati nawonso akudziwapo kanthu.

Kuchitsime Nangozo analumbira amayi onse akumva: "Wagwira mphaka wanga, kaya ndi ndani, ndidzamuyimba mpaka adzasamuke pamudzi pano." Masana omwewo mtondo unayamba kulira za mayi wina wa anapiye. Dzina linali lisanatchulidwe, koma ndani sanadziwe? Nasibeko anasiya kupereka moni, ndipo kwa Nangozo umenewo unali umboni winanso.

Tsiku linapita, lina n'kubwera. Makoswe, poona kuti mlonda kulibe, anayamba kuyenda dzuwa lili pamutu. Ndiye a Chimkwita polowa kukhitchini anapeza chikhoswe chonenepa chitakhala pamwamba pa mkhate, chikupukuta ndevu ngati mwini nyumba. Anatola musi, nausamula.

"Iwe, mkhate wanga!" anakuwa mayi awo ali pakhomo.

Musi unaima m'malere. Khoswe anangowayang'ana. Phokosolo linaitana Nangozo, ndipo Nasibeko naye, poti nkhani sizimudutsa, anafika n'kuima chapatali. Iyeyu ndiye anaona chimene eni nyumba sanachione.

"Anzanga, pepani ndilankhuleko ine wakuba amphaka. Tsiku ndinadzapala moto lija, mkhatewu sunali pamwala?"

Onse anayang'ana pansi. Mwala panalibe. Mkhate unali utakhala pansi mlomo wonse. Khoswe atadumpha n'kuthawa, kunangoti zii, ndipo m'kati munamveka kukanda kwapansipansi. A Chimkwita anaupendeketsa. Anatuluka Mtsamiro akudzandira, mimba itaphwa, mawu atatha. Chinamupulumutsa n'chakuti pansi panali posazira bwino, kampweya kankalowa. Musi uja ukanatsika, bwenzi tikunena zina.

Nangozo anamumwetsa madzi m'chikhatho, koma maso anali atabwerera kale kwa Nasibeko. Mwala suyenda wokha. Ndipo munthu angakumbukire bwanji mwala wa m'nyumba ya eni? Anali atatsegula pakamwa pamene apongozi anatsokomola. Anthu potembenuka anaona agogowo akubisa mapazi m'chitenje, zidendene zili see, ngati za mwana wakhanda.

"Mwala uja ndinatenga ndine, mwananga. Unali wokhakhala bwino. Ndimati ndikwechere ming'alu."

Nasibeko anapinda manja pachifuwa. "Chabwino, wapezeka. Mtondo uli apo, musi a Chimkwita agwira kale. Nyimbo ija tiyambe, ine ndivomereza."

Nangozo anayang'ana apongozi ake, anayang'ana mwamuna wake, anayang'ana mkhate. Akawayimba apongozi, ukwati usweka ngati phale. Ndiye anati: "Anzanga, mwaona nokha. Khoswe akakhala pamkhate sapheka."

Madzulo a tsiku lotsatira thobwa loyamba la mumkhatemo linapita kwa Nasibeko, ndipo analandira, koma atamuyimitsa kaye Nangozo pakhomo. Kuyambira pamenepo Nangozo sankavundikira mphika, kutseka bokosi kapena kumanga thumba asanapisemo dzanja ndi kuitana Mtsamiro. Inunso a amphaka, muzitero.

Mwambiwu ukutanthauza kuti wolakwa akakhala munthu wako, kapena akatsamira pa chinthu chimene sungafune kuchiswa, dzanja limalemera, chilango chimabwerera m'thumba. Ndiye musamafulumire kulumbira pagulu musanadziwe kuti khoswe wanuyo wakhala pati. Apongozi ajatu anabwerera kwawo osayimbidwa, mwala uja ali nawo m'kathumba.