Dzina la Pachitupa

Pakhomo la a Mbewe ku Zengeza 2, kudziko loyankhula Chishona, padali mnyamata wamtali ngati mlongoti, dzina lake Masauko. Mpira wa basiketibo ndiye udali kudya kwake, moti timu ya Mheni idamulemba ntchito. Mlembi wa timuyo adali mchemwali wake Modester.

Tsiku lolembetsa osewera, Modester adapeza kuti pakhadi la mlongo wakeyo palembedwa Clayton Moyo.

"Iwe, Clayton ameneyu adabadwa liti?"

"Sisi, musandinyadzise," adayankha m'Chishona, poti Chichewa chidayamba kumuyabwa pakamwa. "Mukufuna bwalo lonse lizindikuwiza kuti mubhurandaya, mwana wa obwera? Mukasintha, ndichoka."

Modester mtima udamuwira, koma poopa kutaya wogoletsa adasaina. Cholakwa chake n'chimenecho, ndipo mpaka lero chimamuwawa.

Chaka chimenecho Mheni idavuta zedi. Pamasewero makumi awiri idagonja atatu okha, mpaka idafika m'ndime ya matimu anayi. M'makombi, maminibasi a ku Makoni, nkhani idali Clayton yekhayekha. Koma mayi ake, a Maliya, amene adamulera ndi malonda a tomato, iye adawaletsa kuponda kubwalo. Ati chitenje chawo ndi kayankhulidwe kawo zimuulula. Mwana wake uti ameneyo!

Tsiku la masewero akuluwo mayiwo adalephera kupirira, adapita mwakachetechete. Kutatsala kamphindi, mnyamata uja adaponya mpira ali kutali, n'kulowa mudengu kuti psiti! Mheni yapambana. A Maliya adaiwala zonse, adalulutira.

"Masauko! Masauko mwana wanga!"

Iye adawayang'ana kamodzi, n'kutembenuka ngati sakuwadziwa. Koma mphunzitsi wa timu yogonja adaona. Adawayandikira mwaulemu.

"Amai, mati mwana wenyu anonzi ani?"

"Masauko Mbewe, ndidabala ndine," adayankha monyadira.

M'mawa mwake, mphunzitsi uja atakadandaula, akuluakulu a ligi adaitanitsa chitupa cha Masauko. Dzina la pachitupa lina, la pakhadi lina. Mheni adaichotsa mumpikisano, ndipo thukuta la anyamata khumi ndi awiri lidangopita m'madzi.

Atafika kunyumba, Masauko adalunjika kwa mayi ake, amene adali atakhala pakhonde misozi ili mbwembwembwe.

"Mwaona zimene mwachita? Ndidati musabwere!"

Apa Modester adalephera kudzigwira.

"Tseka pakamwa pako, wopanda manyazi iwe! Mayi alakwa chiyani, kuitana mwana wawo ndi dzina limene adamupatsa? Chikho watitayitsa ndiwe, ndi ine wopusa amene ndidasainira bodza lako. Anthu amene umawaopa aja akukuseka lero kuposa kale, ndipo amene akukulirira ndi omwewa udawakana pagulu. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."