Nyimbo Yopanda Poyankhira

Panali munthu wina ku Luchenza, dzina lake Filimoni, amene Mulungu anamupatsa mawu okoma. Akayamba kuimba pamsika, amayi ogulitsa nthochi ankaiwala kuitanira malonda. Iye ankadziwa kuti mawu ake ndi okoma, ndipo vuto linayambira pomwepo.

Anali ndi bandi ya anthu atatu: iyeyo, mlongo wake Enelesi woimba ng'oma, ndi Gostino wagitala, mnzake wa paubwana. Zaka zambiri ankaimba m'maukwati ndi m'zinkhoswe, koma dzina lawo silinkawoloka mlatho wa Thuchila. Gostino anatopa. Anali ndi mkazi ndi mwana wakhanda, ndipo msuweni wake anali atamupezera ntchito yosamalira maluwa ku Joni.

"Aise," anatero tsiku lina, "tiyese komaliza. Nyimbo ikubwerayi ikapanda kuphulika, ine ndikwera basi. Mwana sadya gitala."

Filimoni mtima unamuwawa. Popanda Gostino panalibe bandi, ndipo popanda bandi iye sankadziwa kuti ndi ndani. Choncho anakhala pansi n'kupeka nyimbo yoposa zonse zimene anapekapo. Inali ya munthu wobwerera kwawo atakhalitsa kutali, wosadziwa ngati abale ake akumukumbukirabe. Wotsogolera ankafunsa kuti, "Kodi muliko?" Ovomereza ankayankha kuti, "Tiliko, fika!"

Anapita atatu ku situdiyo ina ku Limbe. Kumeneko Filimoni anaona chodabwitsa: makina aja ankatha kujambula munthu mmodzi kangapo n'kusanjikiza mawu ake kuti amveke ngati kwaya. Atadzimva m'zokuzira mawu, anafufuma ngati finye. Anati mawu a Gostino akumveka ngati a munthu wachimfine, a Enelesi akukanda m'makutu. Anawauza kuti iwo azingoimba zida zawo, kufunsa ndi kuyankha komwe achita yekha.

Enelesi anamuyang'ana mwachisoni. "Achimwene, munaona kuti munthu akuodira pakhomo n'kudziyankha yekha kuti lowani?"

Filimoni anangoseka. Khutu la munthu amene akudzimvera kukoma silitseguka msanga.

Nyimbo inatuluka. Wailesi inaiimba kangapo, kenako zii. Loweruka lililonse pankakhala pologalamu ya nyimbo khumi zimene omvera apempha kwambiri, ndipo yawo sinanunkhize n'komwe malo otsiriza. Gostino anagwa ulesi. Anangopita kukatenga pasipoti yake.

Masana ena Filimoni anadutsa pachinkhoswe, ndipo woika nyimbo atamuona anaika nyimbo ija pofuna kumulemekeza. Filimoni anaima pansi pa mtengo wa mango kuti aone. Ng'oma ya Enelesi italira, amayi anadzuka, kumangirira zitenje m'chiuno, kulowa m'bwalo. Mawu anafunsa kuti, "Kodi muliko?" Amayi onse anatsegula pakamwa kuti avomereze, koma Filimoni wa m'chokuzira mawu anali atayankha kale, ndi mawu okwera ndiponso okhotakhota oti munthu wamba sangawatsate. Amayi anatseka pakamwa. Ulendo wachiwiri ena anayesa, analephera, anasekana, n'kubwerera pamphasa mmodzimmodzi. Mayi wina podutsa pafupi ndi mtengo uja anauza mnzake kuti, "Nyimbo yabwino, koma mwini wake sakutifuna."

Filimoni anachita manyazi kwambiri moti anachoka osatsanzika.

M'mawa mwake anapita kwa Gostino, anamupeza akusoka lamba wa chikwama chake chapaulendo. "Ndinalakwa, aise. Tiye tikaijambulenso."

"Ndibwera," anatero Gostino, "koma tikiti ndagula kale. Ikhale yotsanzikana."

Ku situdiyo Filimoni anauza wojambula uja kuti, "Paliponse pamene ndinadziyankha, fufutani."

"Akulu, pamenepa m'pamene pali luso lanu lonse."

"Fufutani."

Anafufuta. Enelesi ndi Gostino anayankha ndi mawu awo omwe aja, wachimfine ndi wokanda, mawu oti aliyense akhoza kubisalamo. Chakumapeto kwa nyimbo Filimoni anachita chimene sanachitepo chibadwire: anafunsa funso lija, n'kukhala chete. Anasiya ng'oma yokha ikulira, popanda woyankha.

Nyimbo inatulukanso, ndipo ulendo uno inamera miyendo. Inakwera maminibasi, inakwera kabaza, inafika kuchigayo ndi kubwalo la mpira. Pofika pamalo opanda mawu paja, anthu ankayankha okha, angakhale aja amati sadziwa kuimba. Inalowa m'gulu la nyimbo khumi zija chakumunsi, n'kumakwera sabata ndi sabata. Foni ya Filimoni inayamba kulira, a ku Zomba ndi a ku Lilongwe akufuna bandi ikaimbe. Koma Gostino anapukusa mutu. "Ndi moto wa mapesi uwu," anatero. "Ndauonapo kale."

Tsiku la ulendo linagwera Loweruka. Filimoni ndi Enelesi anamuperekeza kudepoti ya mabasi a ku Joni. Kunali khwimbi la anthu, ena akupita, ena akutsala, ena akupukuta misozi mobisa. Pa kagolosale kena wailesi inkatchula nyimbo khumi zija kuyambira kumunsi. Zinatha zapakati, yawo osamveka. Inadutsa yachitatu, inadutsa yachiwiri. Filimoni anati basi, yagwa. Gostino anamugwira chanza, kondakitala anakweza chikwama, ndipo Gostino uja anaponda pakhomo la basi.

Pamenepo ng'oma ya Enelesi inalira pawailesi. Inali nambala wani.

Wagolosale anakweza mawu. Nyimbo inayenda mpaka pamalo paja, Filimoni wa m'wailesi anafunsa kuti, "Kodi muliko?" n'kukhala chete. Depoti yonse inayankha. Ogulitsa mazira, onyamula katundu, amayi obereka ana, ndi aja anali atakhala kale pamawindo a basi, onse pamodzi: "Tiliko, fika!" Gostino anadzipeza wayankha nawo asanaganize n'komwe. Anaima pakhomo paja, anthu akumukankha kumbuyo, misozi ili chuchuchu.

"Akondakitala," anatero, "nditsitsireni chikwama changa."

Anatsika, nayang'ana mnzake uja amene nayenso anali kulira ngati mwana. "Ndiliko, aise. Ku Zomba kuja anati tifike liti?"

Inu amene mukundimva, ambiri mwa inu muli ndi mawu okoma, sindikukana. Koma kunyumba kwanu, kumpingo ndi kuntchito, mumafunsa nokha n'kudziyankha nokha, kenako mumadandaula kuti palibe amene akukuthandizani. Akuthandizeni pati, poti malo onse mwakhalapo? Mkazi wanu atsegula pakamwa, inu mwayankha kale. Mwana wanu ayesa, mumuuza kuti akukanda m'makutu. Tsiku lina mudzamva kuti wagula tikiti. Lero mukafika kunyumba, funsani funso lanu, ndiye mukhale chete pang'ono. Mudzadabwa kuti anthu aja analipo nthawi yonseyi, ankangodikira poyankhira.