Wotchi ya Maseveni Awiri

Pa khonde la sitolo ya nsalu panali katebulo ka miyendo itatu, wachinayi uli njerwa, ndipo pamenepo pankakhala munthu amene msewu wonse unkamutcha a Ndikonza. Dzinali sanalitole pansi. Munthu akabwera ndi wotchi yakufa, asanafotokoze n'komwe vuto lake, iwo anali atayankha kale kuti, "Ndikonza." Zaka makumi awiri ndi zisanu anazithera pakhondepo, kagalasi kali pa diso, akupirira fumbi ndi mvula ya mphepo pansi pa chiambulera chawo. Mtima wawo wonse unali pa kachipinda ka lendi kutsidya kwa msewu, ka chitseko, zenera ndi loko, koti munthu n'kukhoma n'kumapita kwawo osasenza katundu pamutu.

Patebulopo panali wotchi ina yakale ya pamkono imene anawasiyira malume awo. Inkayenda bwinobwino, koma nkhope yake inali ndi chilema chochokera kufakitale: poyenera kukhala nambala eyiti anadindapo seveni wina. Pabanja inali nthabwala. Ankati n'chifukwa chake malumewo sankafika kuntchito eyiti koloko, poti kwa iwo nthawi imeneyo kunalibe. A Ndikonza chilemachi chinkawasowetsa mtendere ngati kachitsotso m'diso, koma popeza panalibe wowalipira, ankangoti adzakonza tsiku lina.

Lolemba lina kunabwera mayi wa imvi kudzasinthitsa lamba wa wotchi yake. Maso ake atagwera pa wotchi ya malume, anabwereka kagalasi kaja n'kuiyang'ana nthawi yaitali osaphethira. Kenako ananena kuti iye amasonkhanitsa mawotchi akale, ndipo anatchula mtengo. Ndalamazo zinali zokwanira lendi ya kachipinda kaja ya zaka ziwiri, n'kutsalako zogulira mashelefu.

"Ndibwera nazo Lachisanu m'mawa," anatero mayiyo akulemba nambala ya foni pakapepala. "Musaigulitse kwa wina. Ngati pali funso, imbani."

"Funso lanjinso, mayi? Nkhani yatha imeneyi."

Tsikulo anaweruka dzuwa likadali paliwombo. Anapeza akazi awo akusita zovala, ndipo analowa m'nyumba chovinavina, mapewa akugwedezeka, nyimbo palibe.

"Mayi, konzekani. Kuyambira Lachisanu ndinu mkazi wa munthu wa makiyi."

Atamva nkhani yonse, mayiwo nawo anaika simbi pansi n'kulowa m'bwalo, mpaka malaya anatsala pang'ono kupsa. Koma atakhala pansi kuti apume, anafunsa.

"Koma bambo, munawafunsa chimene aikondera wotchi yopunduka ija? Patebulo panu pali mawotchi onyezimira, onsewo awadumpha."

"Ndi yakale, ndi yolimba, makina ake ndi enieni. Chinanso n'chiyani? Chondichititsa manyazi ine ndi seveni uja. Munthu apereke ndalama zonsezo, ine ndimupatse wotchi yosadziwa kuwerenga? Mbiri yanga ipita kuti?"

"Kapepala muli nako. Taimbani kaye."

"Ine ndifunse kasitomala za wotchi? Ndiye iyeyo azikafunsa ndani?"

Sabata imeneyo a Ndikonza mapazi awo sankaponda pansi. Anawoloka msewu kukayeza kachipinda kaja ndi chingwe, n'kuuza mwini nyumba kuti asavutikenso kufuna munthu wina. Chiambulera chija anangochipereka kwa mnzawo wosoka nsapato wa pakhonde lomwelo. "Tengani, achimwene, ine ndikukakhala pansi pa denga." Pena ankapezeka akupotokola dzanja m'malere, kuyeserera kukhoma chitseko chimene anali asanachipeze.

Lachitatu anagwira ntchito ija. Anachotsa galasi, anazula mivi, n'kupala seveni uja ndi nsonga ya lezala pang'onopang'ono, mpweya ataugwira. Kenako anatenga kaburashi ka titsitsi titatu n'kujambulapo eyiti. Tisawanamizire, luso anali nalo. Eyiti ameneyo anatuluka wonenepa bwino, wa m'chiuno mowonda, woti ukamuona n'kumulonjera. Anamuonetsa kwa aliyense wodutsa, ngakhale amene sanafunse.

Lachisanu anavala jekete. Akazi awo anawaperekeza atatchena, ndipo wosoka nsapato ndi mwini sitolo ya nsalu anaimirira chapafupi kuti aone mnzawo akulemera. Mayi wa imvi uja anafika masitolo akungotsegulidwa kumene, chikwama atachipanira m'khwapa. A Ndikonza anafunyulula mpango n'kumupatsa wotchiyo ndi manja awiri, mano onse ali pamtunda.

Mayiyo anaika kagalasi pa diso. Anakachotsa, anakapukuta, n'kukabwezeranso.

"Iyi si wotchi ija."

"Ndi yomweyo, mayi, kungoti yapitako kusukulu. Ndipo musaonjezerepo kanthu, ndakukonzerani ulere."

Mayiyo anakhala pa benchi. "Bambo, chimene ndimagula ine ndi seveni uja. Mawotchi a mtundu uwu anapangidwa ambirimbiri, ndipo olondola mukhoza kuwapeza paliponse pa mtengo wa nsapato. Koma tsiku lina makina a kufakitale anadinda molakwika, ochepa okha n'kutuluka asanazindikire. Ambiri anawabweza n'kuwaphwanya. Ine ndakhala ndikusaka imodzi kwa zaka khumi ndi chimodzi."

Pakamwa pa a Ndikonza panatuluka mawu okhawo amene lilime lawo linazolowera.

"Ndikonza. Ndipatseni ola limodzi, seveni abwerera pamalo pake."

"Ameneyo adzakhala seveni wanu, osati wa fakitale. Aliyense wodziwa akaika kagalasi adzaona penti yatsopano ndi mopala lezala, ndipo adzati ndi yachinyengo. Kulakwitsa kwenikweni sikuchitika kawiri." Anaiyang'ananso mwachisoni, n'kuibweza. "Koma kunena zoona, sindinaonepo eyiti wokongola chonchi."

Ananyamuka chikwama chake chili chitsekere. Kutsidya kwa msewu mwini nyumba uja anatulukira akugwedeza makiyi m'mwamba, ndipo a Ndikonza anayamba kufunafuna chinthu chimene sichinagwe pansi pa tebulo. Zinawapweteka koopsa, osati ndalama zokha, koma kuti chitseko chija anachitseka ndi manja awo omwe, mwaluso, akuimba mluzu.

Apo mvula inayamba kuwaza. Wosoka nsapato anasendeza mpando wake mwaulemu n'kunena kuti, "Bwerani muuse kuno, achimwene, ambulera yangayi ndi yaikulu."

Anapanikizana atatu pansi pake. Akazi awo a Ndikonza anapisa dzanja m'thumba la jekete ya amuna awo kufuna mpango, koma anatulutsa kapepala kaja, kali chipindire momwe anakalandirira Lolemba. Anangokaika m'dzanja la amuna awo, n'kufunsa mofatsa kuti, "Nthawi ili bwanji, bambo?"

A Ndikonza anayang'ana wotchi ya malume. Muvi waufupi unali utaloza ndendende pa eyiti wawo wokongola uja.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.