Amene Anafiiritsa Maso a Ndaziona

Kalekale, osati kale la nyanda ayi, koma nthawi ija mafilimu ankagulitsidwa pa zimbale m'misika, pa Mponela panali mtsikana dzina lake Ndaziona. Ankaphunzitsa ana a mkaka, ndipo anali pa ubwenzi ndi kalipentala wina wofatsa dzina lake Maliko. Za chinkhoswe zinali zitapsa. Akuchimuna anali atasankha kale tambala wodzapereka tsikulo.

Koma Ndaziona anali ndi nkhani imene inkamudya mumtima. Anaonapo mayi wamasiye akupirikitsidwa m'mudzi, anthu ati wapha mwamuna wake, chonsecho bamboyo anadwala aliyense akuona. Ndiye analemba filimu ya mkazi wosalakwa, wodwazika mwamuna wake mpaka imfa, ndipo mbali ya mkaziyo anaitenga yekha kuti anthu akaonera achite manyazi. Poti mutu umodzi susenza denga, anaitana anthu atatu: msuweni wake Esnati, telala, kuti aone za zovala, Zakeyu, mwini kamera ndi magetsi ojambulira, ndi Filimoni, wolumikiza zithunzi pa kompyuta. Dengalo analisenzadi, koma aliyense akuyang'ana kwake.

Filimu itatuluka, anakaionetsa Loweruka masana m'holo ya pamsika. Ndaziona anakhala kutsogolo, Maliko pambali pake, ndi mayi ake a Maliko, a Nangondo, atavala chitenje chawo chakutchalitchi. Zonse zinayenda bwino mpaka pamene mkazi wa mufilimu uja analowa m'chipinda cha wodwala atanyamula kapu ya mankhwala. Chipinda chonse chinali chobiriwira ngati madzi a pachithaphwi. Nkhope ya Ndaziona inali mbuu, diresi lake likuoneka ngati magazi ouma, ndipo atadzutsa mutu, maso ake anali psuu!

"Musamwe, bambo! Ndi mfiti imeneyo!" anakuwa munthu wina kumbuyo.

Holo yonse inavomereza. Mawu okoma amene mkaziyo ankalankhula kwa mwamuna wake palibe anawamva. Pamene ankalira pamaliro, azimayi m'holomo ankangotsonya. A Nangondo anaimirira, namanga chitenje chawo bwinobwino.

"Kamera sinama," anatero. "Yaona zimene maso athu analephera kuona."

Anatuluka, ndipo Maliko anawatsatira. M'mawa mwake Maliko anabwera kwa Ndaziona kudzapepesa, akuti iye zamkutuzo sazikhulupirira. Ndaziona anamupatsa thobwa. Maliko anagwira kapuyo nthawi yonse imene ankacheza, kenako anaiika pansi yodzaza. Ndaziona zinamupweteka kuposa kukuwa konse kwa m'holo muja.

Kenako akuchimuna anatumiza mawu kudzera mwa malume ake a Maliko. "Ngati maso aja ndi ntchito ya manja a munthu, munthuyo abwere, aime pamaso pa mlongo wanga, anene kuti ndi iyeyo anachita ndipo anachitiranji. Abwere mmodzi. Akabwera atatu tidziwa kuti apangana. Popanda zimenezo tambala wathu satuluka m'khola."

Aliyense pa Mponela anadziwa tanthauzo lake. Wokaima pamenepo adzatchedwa wakaduka, woipitsa dzina la mnzake, ndipo palibe adzamupatsenso nsalu kapena kumuitana kudzajambula ukwati. Ndaziona anayamba kuwayendera mmodzimmodzi, mtima uli wodzaza ndi chikaiko.

Anayamba ndi Esnati, amene anamupeza akupalasa makina ake pakhonde la golosale.

"Ndinakuuza kuti undisokere diresi lotuwa. Lofiira linachokera kuti?"

"Iwe msuweni, m'nyumba ya matenda ukavalenso zotuwa, anthu akasiyanitse bwanji wodwala ndi wodwazika?" anayankha Esnati. "Ndinati m'chipindamo mukhale chinthu chimodzi chamoyo. Kufiira ndi chikondi, ndi magazi oyenda m'thupi. Sunaone mmene linakukhalira padzuwa? Amene analidetsa ndi Zakeyu ndi getsi lake."

Ndaziona analitenga diresilo n'kuliyang'ana panja, ndipo kunena zoona linali lokongola, loti n'kupita nalo kuukwati. Koma anakumbukira kuti Esnati yemweyu sawalola ana ake kuvala zofiira nyengo ya mvula kuopa mphenzi. Ndiye kuti amadziwa kuti kufiira kumaopsanso. Anakumbukiranso kuti Maliko asanafunsire iye, benchi ya pakhonde lomweli ndi imene ankaswerapo, ndipo Esnati sanayamikirepo chinkhoswechi ndi mawu amodzi omwe.

Zakeyu anamupeza akupukuta galasi la kamera. Sanamupatse n'komwe mpando.

"Pulasitiki wobiriwira ndinakuta pagetsi uja sanali wa inu, aphunzitsi, anali wa wodwala," anatero. "Munthu akaona chipinda cha mtundu umene uja, m'mimba mumamutembenuka asanadziwe chifukwa chake. Ndinafuna anthu adwalire limodzi ndi bamboyo kuti akumvereni chisoni inu. Chofiira chikalowa m'getsi lobiriwira chimada, zimenezo si ine ndinalenga. Mukanavala zotuwa bwenzi anthu akulira mpaka lero."

Anamuonetsa chigawo china chimene wodwala anali yekha m'chipindamo. Ndaziona misozi inalengeza, chifukwa chinali chomvetsa chisoni ndithu, chopanda ufiti uliwonse. Koma nanga si Zakeyu ndi amene diso lake linali pakamera? Anaona diresi likuda, anaona nkhope ikutuwa, osanena kanthu. Ndipo Ndaziona sanaiwale tsiku limene anamukana Zakeyu atamufunsira, anzake n'kumuseka, iye n'kungoti, "Chabwino, tidzaonana." Kodi kuonana kwake sikumeneku?

Filimoni ndiye anamulandira ndi nsangala yochuluka, yokayikitsa. Pathebulo pake panali mulu wa zimbale za filimu ija, ndipo anthu ankabwera kudzagula ngati mandasi otentha.

"Achemwali, ine ndinangozimitsa mitundu kuti chithunzi chioneke chachisoni, monga munanenera," anatero. "Nditatero diresi lanu linasanduka lakuda bii, inu osaonekanso mumdimamo. Ndiye ndinaonjezera kufiira kuti maso a anthu azikutsatirani inuyo, mwini nkhani. Koma kompyuta sisankha. Ukaiuza kuti ifiiritse, imafiiritsa chilichonse chimene chili ndi kufiira kale."

"Maso anga anali ndi kufiira kale?"

"Aaa, mwaiwala anyezi uja munkadzitikita kuti misozi ituluke? Tonse tinakuletsani, inu munati mukufuna misozi yeniyeni."

Za anyezi zinali zoona. Komabe Filimoni yemweyu ndi amene ananena kuyambira pachiyambi kuti nkhani zachisoni anthu sazithamangira, chimene amafuna ndi ufiti. Ndipo filimuyo anaitulutsa osamuonetsa mwini wake, akuti nthawi inathina. Chikomekome cha nkhuyu, mkati muli nyerere. Munthu wokhala maso ali pakompyuta tsiku lonse angalephere bwanji kuona maso awiri akuyaka pakati pa chithunzi?

Ndaziona anabwerera kwawo mutu uli wolemera. Akaganiza za diresi palokha, linalibe mlandu. Getsi palokha linalibe mlandu, kuonjezera kufiira nakonso kunali ndi chifukwa chomveka. Zinthu zitatuzi zinasanduka mfiti zitakumana pathupi pake, ndipo akachotsapo chimodzi chilichonse, mfitiyo inkasowa. Koma akaganiza za anthu ake, aliyense anali ndi chomuwawa, ndipo aliyense ankaidziwa bwino ntchito yake moti sakanalakwitsa ngati mwana. Anayamba kuwaopa onse atatu. Esnati akamupatsa moni, ankafufuza chipongwe m'mawu ake. Akamva anthu akuseka kwa Filimoni, ankati akuseka iyeyo. Kusukulu makolo ena anayamba kudzatenga ana awo nthawi isanakwane, ndipo mwana wina anamufunsa ngati maso ake amayaka akakwiya.

Tsiku loti akuchimuna amve yankho linafika. Atatu aja anali atamuuza chimodzimodzi: "Ukanditchula pamaso pa anthu ndipita, koma udziwe kuti wandipha ndili moyo." Malume ake a Ndaziona anakhala pakhonde atavala jekete, akudikira dzina limodzi loti akanene. Ndaziona akatchula wosalakwa, aononga munthu ndi chikaiko chabe, monga anthu anamuonongera iye. Akanena kuti ndi anyezi wake, a Nangondo ati wavomera yekha kuti maso aja ndi ake. Akakhala chete, Maliko wapita, ndipo dzina la mfiti limukakamira mpaka kukalamba.

"Mphwanga, dzuwa likukwera," anatero malume. "Ndikatchule ndani?"

Ine nkhani ndaitula pomwepa, mlanduwu ndaupereka kwa inu mwamvetseranu. Amene anamusandutsa Ndaziona mfiti ndani: Esnati amene anamuveka zofiira, Zakeyu amene anazidetsa ndi getsi lobiriwira ali chete, kapena Filimoni amene anafiiritsa maso n'kutulutsa filimu mwini wake asanaione? Mukanakhala inu pakhonde paja, malume akudikira, mukanatchula dzina la ndani?