Gologolo ndi Mzati wa kwa Njiri

Chaka cha njala chija, Gologolo adamva fungo la mtedza ku una wa Njiri, malovu n'kudzadza m'kamwa. Unawo adakumba ndi Nkumbakumba. Njiri adangoupeza ndi katundu wake yense: mphasa zakutha, zitsa, timitengo tosadziwika ntchito. Polowa ankasupuka msana, potuluka ankapunthwa, ndipo ankagona chokhwinyata ngati wobwera m'nyumba yake yomwe.

"Amalume, mukuvutikiranji?" adatero Gologolo. "Ine ndili ndi chiswe. Ndikangochiuza kamodzi, chosafunika chonse chimatha."

Chiswe chidadya mphasa, ndipo usikuwo Njiri adatambasula miyendo koyamba. Apa tisaname, Gologolo adathandiza. Koma potulutsa zinyalala ankatulutsanso mtedza m'masaya. Mawa lake chidadya zitsa, mphepo idalowa, mtedza udapitanso.

Padatsala mzati wopindika pafupi ndi khomo. Njiri adakayika, nati adaupeza pomwepo ndipo ntchito yake saidziwa. Koma Gologolo, dyera litamugwira, adaona kuti mzatiwo ukachoka atha kudutsa ndi lichero lathunthu.

"Munaugwiritsapo ntchito, amalume?"

"Iyayi."

"Ndiye ndi chinyalala."

Vuto la chiswe n'lakuti chimamva "yambani", koma "lekani" sichimva. Dothi litayamba kuyoyoka, Njiri adakuwa kuti chisiye, icho chili kalikiliki. Mzati udathyoka, denga lidatsika, khomo lidatsekeka. Gologolo adali kumapeto kwa una pamodzi ndi Njiri, masaya ali tololo ndi mtedza.

Mdima udali wa ndiweyani, mpweya ukuchepa. Gologolo mantha adamugwira zenizeni, pakuti njiri ikamva njala sisankha ndiwo. Njiri adamufunsa kuti tsopano atani. Poti ayankhe, mtedza udagwa kuchokera m'kamwa mwake, umodziumodzi, pa chiboda cha mwini wake.

Njiri sadakalipe. Adangomuponda mchira.

"Mphwanga, chosafunika m'nyumba muno chatsala chimodzi."

"Ndimakumba, amalume! Ndimakumba bwino!"

"Ona, ntchito yako yadziwika mwamwayi. Mzati uja sunaufunse."

Gologolo adakumba mpaka zikhadabo kutuluka magazi. Kuwala kutaoneka adafuna kuthawa, koma mchira udali pansi pa chiboda, ndipo Njiri adati abowole poti mimba yake ya njiri ikwane. Gologolo adatuluka dzuwa litapendeka, wopanda mtedza ngakhale umodzi, n'kutumidwanso kutchire kukadula mzati wina. Poubweretsa adachita kuzungulira kutali ndi chulu.